Chaka Chimene Anadula Mawu a Amalume

Ndinaganiza zochoka ku Kafue nditatopa ndi kulembera anthu makalata opempha ntchito. Ufulu tinali titalandira kale, mbendera yatsopano ya pasukulu itayamba kusuluka ndi dzuwa, ndipo mbiri inali ponseponse yakuti tauni yathu isanduka ya mafakitale. Magalimoto a njerwa ndi simenti ankadutsa tsiku lonse pamsewu wa ku Lusaka. Aliyense wa ku Nangongwe, komboni yathu, wokhala ndi manja awiri ankafuna ntchito, ndipo popeza ine ndinali nditapitako patali ndi sukulu, ankabwera kwa ine. Ndinkakhala pakhonde la sitolo pafupi ndi positi, kulemba mawu amodzimodzi, kumangosintha dzina. Sindinavutikire sukulu kuti ndizichita zimenezo. Ndinkafuna kukhala mtolankhani, kenako wolemba mabuku. Nyuzipepala ina ya Chingerezi ya ku Kitwe, yotuluka kamodzi pa mlungu, itandiyankha kuti ndipite akandiyese, sindinafunse maganizo a munthu aliyense.

Amayi anangoti ku Migodi, dera la Kitwe, anthu amapita ndi nsapato zatsopano n'kubwerako ndi chifuwa. Amene anandiperekeza ku siteshoni ndi amalume anga, a Zakeyo, mlongo wawo wa amayi, amene anandilera bambo atamwalira. Iwo anachoka ku Nyasalande ali mnyamata, nagwira ntchito ya njanji mpaka msana unakana. Atapuma anapempha malo kwa eni nthaka m'mbali mwa mtsinje n'kulima dimba. Repu, kabichi ndi matimati a m'dimbamo ndiwo anandilipirira sukulu. Ndi mkulu wa mpingo, munthu wosathamanga polankhula, ndipo m'moyo wanga wonse ndinali ndisanawatsutsepo.

Ndikulemba izi patebulo la amayi, chaka chikutha. Ndili ndi chizolowezi chakuti Disembala akamatha ndimadzifunsa kumene cholembera chandifikitsa. Mu Januwale ndinadzilonjeza kuti chaka chino ndichoke ku nkhani za kukhoti, dzina langa lioneke patsamba loyamba, ndiponso ndimalize buku la Chinyanja lonena za Kafue mafakitale asanabwere. Ziwiri zoyambazo zatheka. Ndakwezedwa, malipiro awonjezeka, dzina linatuluka ndi zilembo zakuda bii. Ndipo sindinakhalepo wokwiya chonchi.

Zaka zanga zoyamba ku Kitwe sizinali za wolemba mabuku. Ndinkakhala m'kachipinda kamodzi ndi munthu wogwira ntchito pansi pa mgodi. Iye ankagwira usiku, ine masana, choncho bedi linali limodzi, losapuma. Tinkaonana pakhomo basi, wina akulowa wina akutuluka. Chibemba chinandivuta, ndipo ngakhale ndinabadwira ku Kafue, anzanga a kuntchito ankanditchula ba Nyasalande. Kukhoti ndinkalemba za njinga zobedwa, za ndewu za m'mabala, za akazi ogwidwa ndi kachasu. Malipiro akabwera ndinkathamangira ku positi kutumiza gawo la amayi ndisanayambe kulikonda, ndipo mwezi usanathe ndinkadya nshima ndi tinsomba ta kapenta towerengeka. Amayi ankayankha kudzera m'dzanja la mlongo wanga Estere: wakuti wamwalira, wakuti walembedwa ntchito, mvula yachedwa, upemphere. Lamlungu madzulo ndinkapita ku siteshoni wopanda womuchingamira, kukangomva anthu otsika sitima ya kummwera akukangana m'Chinyanja.

Mkonzi wathu ndi ba Chanda, Mbemba amene anatenga mpando azungu atayamba kuchoka. Tsiku langa loyamba anandiphunzitsa lamulo limodzi, ndipo ndilifotokoze bwino chifukwa nkhani yonseyi yagona pamenepo. Nkhani ya m'nyuzipepala imadulidwa kuyambira kumunsi. Chofunika kwambiri umachiika pamwamba, zotsatira zake pansi, ndipo zakumapeto n'zoti zikhoza kutayidwa. Masamba amasanjidwa ndi mizere ya mtovu. Malonda akabwera mochedwa ndipo malo achepa, wosanja tsamba amangozula mizere yakumunsi mpaka nkhani ikwane. Sawerenga zimene akuzulazo. Lamuloli ndinaligwira kuposa mnzanga aliyense, ndipo ndilo linandipatsa dzina la mnyamata wosachedwa.

M'chilimwe ba Chanda anandituma ku Kafue. Anati popeza ndine mwana wakomweko, ndikalembe za tauni yatsopano ya mafakitale. Ndinadumpha ndi chimwemwe. Ndinaona nyumba za ku Estates zikuyera m'mizere, zamagetsi ndi mipopi ya madzi. Ndinaona Estere akutuluka pachipata cha fakitale ya nsalu atavala yunifomu, mkazi woyamba m'banja mwathu kulandira malipiro a pamwezi. Zimenezi ndi zoona ndipo sindikuzinyoza. Koma ndinaonanso waya wa minga, watsopano, wonyezimira, wotsika mpaka kumtsinje. Oyeza malo anali atakhoma zikhomo kuti pamenepo padzamangidwa mafakitale ena. M'kati mwa wayawo munali madimba a mabanja ambiri, Asoli, Atonga ndi ife a ku Nyasalande, pamodzi ndi la amalume. Anthu ankalowabe pokwawa pansi pa waya kukathirira mbewu, koma panalibe amene anawauza tsiku lochoka kapena kumene adzalime.

Eni madimba anali atasankha amalume kuti aziwalankhulira. Tinakumana kuseri kwa nyumba yawo, anthu atakhala pamphasa ndi pamipando ya ndalema. Panali ndi ba na Mutinta, mayi wamasiye wa Chitonga amene dimba lake linachita malire ndi la amalume, mkazi wamtali wa pakamwa posabisa. Amalume anavula chipewa n'kuyamba monga amayambira munthu wolemekezeka pamaso pa akuluakulu. Anathokoza boma chifukwa cha ufulu. Anathokoza chifukwa cha mafakitale, chifukwa cha ana amene apeza ntchito, chifukwa cha nyumba, msewu ndi magetsi. Anatenga nthawi, osadumpha kanthu. Kenako anapuma, nayang'ana pansi.

"Koma pali kamodzi kamene katisowetsa tulo," anatero. "Waya watseka madimba athu. Sitikukana chitukuko, ayi. Tikungofunsa kuti ife okalamba, amene fakitale singatilembe ntchito, tikalime kuti? Atisonyeze malo madzi asanaphwe, tisamuka tokha."

Anthu anawomba m'manja pang'onopang'ono. Amalume anandiuza kuti ndilembe monga momwe ananenera, osatembenuza. Ndinawafotokozera za kudula kumunsi, ndipo ndinapempha kuti za waya ndiziike pamwamba. Anakana. Anati iwo si mwana woti ayambe ndi kulira pakhomo pa eni ake. Anatinso ndisaiwale kuti iwo anabadwira kutsidya kwa malire, ndipo dzina lawo likaoneka pamwamba pa madandaulo, anthu adzati Mnyasa akunyoza boma la eni, abwerere kwawo. Mantha amenewo sanali opeka. Choncho ndinalemba monga anafunira, n'kupita ku positi kukaimba foni ku Kitwe. Ndinawafotokozera ba Chanda kuti nkhani iyi mutu wake uli kumapeto, ndipo ituluke yonse kapena isatuluke n'komwe. Analonjeza kuti ituluka yonse.

Inatuluka patsamba loyamba. Pamwamba dzina langa, pambali chithunzi cha amalume akumwetulira, mutu wake wonena kuti alimi a ku Kafue alandira chitukuko ndi manja awiri. Nkhani inathera pa magetsi. Pamene panayenera kukhala waya panali malonda a mawailesi.

Ndinalowa mu ofesi ya ba Chanda osagogoda. Anati malonda anabwera mochedwa ndipo wosanja tsamba anachita ntchito yake. Ndinawakumbutsa lonjezo lawo. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Iwe mwaiche, mwana iwe, ndisonyeze bodza limodzi m'nkhaniyi. Amalume ako sananene mawu amenewa?"

Ndinati ananena, koma sanathere pamenepo. Anati palibe munthu amene amathera pamene nyuzipepala yathera. Ndinapempha kuti mlungu wotsatira tisindikize gawo lodulidwalo. Anati nyuzipepala sikonza chimene sichinalakwike. Ndinalemba nkhani ina, ya waya wokhawokha, iwo anaibaya pamsomali wa patebulo pawo pamene amabayapo nkhani zokanidwa. Ndinalembanso, inakagona pamsomali womwewo. Patapita milungu ingapo anandiitana ali nseko, kuti akuluakulu a ku Lusaka aikonda nkhani ya ku Kafue, ndipo kuyambira mwezi wamawa ndachoka kukhoti, ndizilemba nkhani za chitukuko. Anzanga anandigulira mowa. Ndinamwa.

Makalata a Estere anayamba kufupika. Amayi ankangoti onse ali bwino. Zoona zake ndinazimva kwa gadi wa sitima wa ku Nangongwe amene ndinakumana naye pa siteshoni. Anati mphunzitsi wina anawerenga nyuzipepalayo pamsika, akumasulira anthu mzere ndi mzere. Atafika kumapeto anthu anamuuza kuti atembenuze tsamba. Anatembenuza, kunali za mpira. Anthu amene anamva amalume akulankhula za waya ndi makutu awo anapeza yankho losavuta: malume ndi muphwa wake anapangana okha anthu atabalalika. Muphwa wakwezedwa pantchito, mlongo wake ali kufakitale, ndiye kuti nawonso madala alonjezedwa kanthu, mwina ulonda, mwina nyumba ku Estates. Anawachotsa pa udindo wowalankhulira. Kutchalitchi benchi lawo linayamba kukhala ndi malo ambiri. Pamsika ndiwo zawo zinkafota patebulo, anthu akugula kwa oyandikana nawo.

Buku linaima pamenepo. Ndinali nditalemba mitu ingapo ya za asodzi, za mlatho wa njanji, za mmene anthu a ku Nyasalande anapemphera malo. Ofesi yosindikiza mabuku a Chinyanja inali itandibwezera kale mitu yoyamba ndi mawu akuti amafuna nkhani zokhala ndi phunziro kwa ana asukulu. Zimenezo sizinandigwetse. Chimene chinandigwetsa n'chakuti ndikakhala pa taipilaita kuti ndilembe za anthu a kumtsinje, ndinkadziwa kuti anthu omwewo akanditchula dzina amalavula.

Ndinabwera pa tchuthi cha Khirisimasi. Sitima ikuyandikira Kafue ndinaona michumuni yatsopano ndi mitengo ya magetsi kumene kunali thengo. Anyamata onyamula katundu pa siteshoni ankaitana anthu m'Chinyanja chosakaniza Chibemba, ngati ndikadali ku Kitwe. Amayi anandilandira bwino, koma anandilowetsa m'nyumba mofulumira kuposa masiku onse. Amalume ndinawapeza kuseri kwa nyumba yawo akusema mpini. Achepa thupi. Ndinagwada, ndinapereka moni, n'kuyamba kufotokoza za mizere ya mtovu ndi malonda a mawailesi. Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Anati amva, ndipo akudziwa kuti mwana amene anamulera sangawagulitse. Kenako anandifunsa ngati ku Kitwe ndimapita kutchalitchi. Akanandikalipira ndikanapepukidwa.

M'mawa mwake ndinapita kumsika kukayeretsa dzina lawo. Ndinapeza ba na Mutinta akupanga milu ya matimati. Ndinafotokoza zonse mwadongosolo, monga ndimachitira ndi nkhani ya kukhoti. Sanaleke kusanja matimati.

"Ba mtolankhani, ise tinalipo, tinamvela na matu yathu. Ba Zakeyo banakamba za waya. Mu pepa mulibe waya. Analemba ni ndani? Ndimwe. Bamalume ni bandani? Ni banu. Manje mufuna nikhulupilile ati ni wailesi inadya mawu?"

Azimayi a pamatebulo oyandikana anaseka. Wina anafunsa ngati suti yanga ndinagula ndi ndalama za madimba. Ndinachoka ndili ndi mfundo zanga zonse m'manja, zoona zokhazokha, popanda wozifuna.

Lachisanu lapitali kunabwera wamkulu wina wa boma kuchokera ku Lusaka kudzaona malo a mafakitale chaka chisanathe, ndipo anavomera kukumana ndi eni madimba m'kalasi ya pasukulu ya pulayimale. Wowalankhulira watsopano ndi ba Mweemba, Mtonga wobadwira pamtsinje pomwepa, munthu amene palibe angamuuze kuti abwerere kwawo. Anthu anadzaza, ena ataima m'mawindo. Amalume anakhala kumbuyo kwenikweni pakabenchi ka ana, okha. Ine ndinaima pakhoma.

Bwanayo anali wa msinkhu wanga, wa suti yaimvi. Polowa anawerama n'kuwomba m'manja kupereka moni kwa akuluakulu, ndipo anachita bwino, osati ngati wophunzira dzulo. Anthu anakondwa. Mayi wina pafupi nane ananong'ona kuti uyu analeredwa.

Ba Mweemba anaimirira, chipewa m'manja. Ndinkayembekeza kuti pambuyo pa zonse zimene zachitika ayamba ndi waya. Anayamba ndi ufulu. Anathokoza chifukwa cha mafakitale, chifukwa cha ntchito za ana, chifukwa cha nyumba za ku Estates. Ndinkafuna kukuwa. Ndinasiya kuwayang'ana n'kumayang'ana bwanayo. Ankagwedeza mutu pa chithokozo chilichonse, koma dzanja lake linali litatseka kale chikwama. Ba Mweemba anathokoza chifukwa cha msewu, anathokoza chifukwa cha magetsi, kenako anapuma n'kusamutsa chipewa kuchoka m'dzanja lina kupita m'dzanja lina. Mwana aliyense woleredwa pakati pa akulu amadziwa mawu amene amabwera pambuyo pa kupuma kumeneko.

Bwanayo anaimirira pomwepo. Anawomba m'manja, nanena kuti mawu okoma otere sangawasunge yekha, akawapereka ku Lusaka monga momwe awamvera. Anati mvula yayandikira ndipo ali ndi msonkhano wina. Anagwira ba Mweemba chanza ndi manja awiri, anaweramira azimayi, natuluka. Tinamva chitseko cha galimoto.

Ba Mweemba anaima chomwecho, chipewa m'manja. Kenako anatembenukira kumpando wopanda munthu n'kupitiriza, chifukwa munthu wamkulu sasiya mawu panjira. Ananena za waya. Ananena za okalamba amene fakitale singawalembe ntchito. Anapempha kuti asonyezedwe malo. Mvula inayamba kugunda pamalata, ndipo anakweza mawu kuti amveke kwa anthu amene ankazidziwa kale zonsezo. Atamaliza anakhala pansi. Palibe anawomba m'manja.

Anthu akutuluka, ba na Mutinta anapita kumbuyo kwa kalasi, nagwada pafupi ndi kabenchi ka ana.

"Mwachoma bwanji, ba Zakeyo?"

Unali moni wawo woyamba chichokere chilimwe. Amalume anayankha ngati anaonana dzulo. Ba na Mutinta anafunsa za msana, anafunsa ngati mbewu ya repu ikadalipo, nanena kuti ku Shimabala kuli wachibale amene angabwereke anthu awiri kamunda. Za nyuzipepala sanatchule. Pambuyo pawo panabwera ena, mmodzimmodzi, kudzagwira amalume chanza. Dzina limene ine ndinalephera kuliyeretsa ndi cholembera ndi pakamwa linayera chifukwa bwana anathawira m'galimoto anthu akuona. Madimba sanabwerere. Akapitawo a omanga akuti mathirakitala alowa chaka chikangoyamba.

Ku Kitwe ndinkaganiza kuti kudula kumunsi ndi nzeru ya azungu, ya makina ndi mtovu. Mzungu akanadula mawu a munthu wokalamba ndikanati sadziwa kumene ife timaika chotipweteka. Koma ba Chanda anakulira pakati pa akulu. Bwana wa suti yaimvi uja anakulira pakati pa akulu. Amadziwa bwino lomwe pamene kuthokoza kumathera, ndipo amaimirira nthawi yake. Ulemu umene anatiphunzitsa makolo athu iwo ausandutsa khomo lotulukira. Ichi ndicho chandikwiyitsa kuposa msomali wa ba Chanda, ndipo chimene chandikwiyitsa kuposa ichi n'chakuti kwathu kuno palibe akufuna kuchimva.

Tikubwerera kunyumba mvula itakata, ndinauza amalume kuti ndilemba za msonkhanowo, ndipo mzere woyamba udzanena kuti wamkulu wa boma anatuluka anthu asanamuuze dandaulo lawo. Ndinati ba Chanda akaibaya pamsomali ndiipititsa kwina, ndipo kukakanika iloweratu m'buku. Amalume anaima pakati pa njira.

"Ulembe, mwanawe. Koma uyambe ndi kuthokoza kuti anabwera. Ku Lusaka n'kutali, ndipo kunali mvula."

Ndinati ayi.

Sindinanene mokweza, koma anthu amene ankayenda pambuyo pathu anamva. Amalume anavala chipewa, n'kutsogola osatembenuka. Ba na Mutinta, amene dimba lawo ndi limodzi mwa amene ndikufuna kuwalembera, anapukusa mutu n'kuuza mnzawo kuti ku Migodi ana amabwerako opanda mwambo.

Nkhaniyo ndailemba, ili m'chikwama, ndipo yayamba monga ndinanenera. Tchuthi changa chitha mawa. Amalume abwezeredwa pa udindo wolankhulira eni madimba, ndipo akukonzekera ulendo wa ku Lusaka ndi ba Mweemba. Estere akuti wawamva akuyeserera mawu awo kuseri kwa nyumba, ndipo ayamba ndi ufulu. Kwa ine sanalankhulebe. Amayi andikonzera nkhuku ya paulendo, ndipo pondipatsa anandiuza kuti ku siteshoni ndipite ndekha, chifukwa amalume msana wawavuta.